Kalata Yotseguka kwa Akuluakulu a Chigawo cha Tete: Tiphunzitseni Kuwerenga Zizindikiro za Cheza Choopsa pa Zida Zakale za Nkhondo

Kwa Olemekezeka Bwanamkubwa wa Chigawo cha Tete, Mlembi wa Boma m'chigawo chino, akuluakulu a asilikali a FADM ndi apolisi a PRM, akuluakulu a zaumoyo ndi a zamaphunziro, ndiponso akuluakulu a bungwe la boma loona za mphamvu ya atomu la ANEA ku Maputo.

Olemekezeka,

Ndikulemba kalatayi poyera kuti ndikupempheni chinthu chimene sichifuna ndalama zambiri koma chingathe kupulumutsa moyo. Anthu a m'chigawo chino aphunzitsidwe m'zinenero zawo kuzindikira zizindikiro za cheza choopsa cha nyukiliya zimene zili pa zida ndi zipangizo zankhondo zopangidwa kunja, ndipo auzidwe momveka bwino kumene angakanene akapeza chinthu chotere. Ndinaphunzitsa sayansi kusekondale m'boma la Angónia mpaka ndinapuma pantchito, ndipo nkhaniyi yakhala ikundisowetsa mtendere chifukwa ndimaona mmene zitsulo zakale zikuyendera m'manja mwa ana athu tsiku ndi tsiku.

Inu mukudziwa kuposa ine kuchuluka kwa zida zimene zinalowa m'dziko muno. Nkhondo yomenyera ufulu inakula m'chigawo chino kuyambira mu 1968, ndipo asilikali a Apwitikizi anali ndi zida zawo pamene omenyera ufulu ankalandira zida kuchokera ku Soviet Union ndi ku China. Titalandira ufulu mu 1975 asilikali a Rhodesia ankalowa kudzaukira misasa ya omenyera ufulu wa Zimbabwe, monga anachitira ku Tembue mu 1977, kenako inabwera nkhondo ya zaka 16 imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992. M'zaka zimenezo boma linalandira akasinja, ndege za MiG, mahelikopita a Mi-8 ndi zipangizo zina zambiri kuchokera ku mayiko a kum'mawa kwa Ulaya. Abale athu amene anathawira ku Malawi ndi ku Zambia atabwerera, anapeza minda yawo itakhalapo misasa ya asilikali, ndipo mpaka lero khasu limafukula zinthu zimene mwini munda sadziwa dzina lake.

Pa nkhani ya mabomba okwirira pansi boma ndi mabungwe anagwira ntchito yotamandika. Anayenda mudzi ndi mudzi, anasonkhanitsa anthu kubwalo la amfumu, analowa m'masukulu, mpaka mwana wamng'ono ankadziwa kuti chikwangwani chofiira cha chigaza cha munthu cholembedwa kuti Perigo Minas chikutanthauza kuti bwerera mmene wadzera. Mu 2015 dziko lathu linalengeza kuti lamaliza kuchotsa mabomba m'madera onse amene ankadziwika. Koma m'maphunziro onsewo tinaphunzira kuopa chinthu chimene chimaphulika, ndipo munthu akatsimikiza kuti chitsulo chimene watola si bomba, mtima wake umakhala m'malo ndipo amachitenga ngati katundu wogulitsa. Cheza cha nyukiliya sichiphulika, sichinunkha, sichioneka ndipo sichipweteka pa nthawi imene chikulowa m'thupi. Chimene chingachenjeze munthu ndi chizindikiro chokhacho chimene wopanga anaikapo, ndipo chizindikirocho chinalembedwera msilikali wa ku Moscow, ku Beijing kapena ku London, osati mlimi wa ku Tsangano.

Opanga zida ankaika dala mankhwala otulutsa chezachi pa zifukwa zomveka. Msilikali amafunika kuona kampasi yake usiku popanda kuyatsa tochi, ndipo woyendetsa ndege kapena kasinja amafunika kuona manambala a mawotchi oyezera liwiro, mafuta ndi kutentha kwa injini mumdima. Choncho kwa zaka zambiri manambala ndi mivi ya zipangizo zimenezi ankazipaka penti yosakaniza ndi radium, imene inkawala yokha usiku wonse. Makampasi ambiri akale a asilikali a Soviet Union otchedwa Adrianov, ovala pamkono ngati wotchi, anapakidwa penti yotere. Pambuyo pake anayamba kugwiritsa ntchito tritium, mpweya wotsekeredwa m'timachubu tagalasi ting'onoting'ono timene timawala m'zoonera za mfuti ndi m'makampasi atsopano. Pa mahelikopita a Mi-8 ndi ndege zina za Antonov pali kachipangizo kotchedwa RIO-3 kodziwitsa woyendetsa kuti madzi oundana ayamba kumata pa ndege, ndipo mkati mwake muli strontium yamphamvu ndithu. Ngakhale makina oyezera cheza a asilikali, monga a mtundu wa DP-5, ali ndi kachidutswa ka strontium koyesera ngati makinawo akugwira ntchito.

Pa penti ya radium pali msampha umene ndikufuna muumvetse. Chimene chimawala si radium yeniyeniyo koma ufa wina umene anausakaniza nayo, ndipo ufawo umatopa pakapita zaka n'kusiya kuwala. Munthu akaona kuti manambala sakuwalanso usiku amaganiza kuti mphamvu inatha, pamene radium imatenga zaka 1,600 kuti mphamvu yake ichepe ndi theka. Wotchi ya ndege yopangidwa mu 1960 yataya magawo atatu okha pa 100 a mphamvu yake. Chimene chasintha ndi chakuti pentiyo tsopano yauma, yasanduka yachikasu kapena yofiirira, ndipo ikuyoyoka ngati fumbi. Galasi likakhala lonse ngozi ndi yochepa, koma likasweka fumbilo limalowa m'mphuno ndi m'kamwa, ndipo thupi limatenga radium ngati chakudya cha mafupa n'kuisunga m'menemo, kumene imawononga mwakachetechete kwa zaka mpaka kuyambitsa khansa. Izi zinadziwika kalekale m'zaka za m'ma 1920 ku America, pamene atsikana opaka manambala a mawotchi, amene ankanyambita nsonga za maburashi awo kuti zisongoke, anayamba kuwola nsagwada ndi kufa.

Pa malo ena ogulira zitsulo zakale, amene tonse timati a sucata, ndinapeza mnyamata wa zaka ngati 12 atakhala pansi pambali pa sikelo, ali ndi kawotchi kozungulira ka nkhope yakuda kolembedwa zilembo za Chirasha. Galasi linali litang'aluka, ndipo iye ankakanganula ndi msomali pofuna kutulutsa waya wa mkuwa umene uli mkati, chifukwa mkuwa umagulidwa bwino kuposa chitsulo. Penti ya manambalawo inali yofiirira ndipo inali itamatirira ku zala zake, pamene pambali pake panali chimanga chootcha chimene ankaluma akapumira. Ndinamupempha kuti asiye, akasambe m'manja ndi sopo ndipo chimangacho achitaye, ndipo pamodzi ndi mwini malowo tinakulunga kawotchiko m'pepala la pulasitiki n'kukatsekera m'chitini kutali ndi pokhala anthu. Popanda makina oyezera palibe munthu amene angatsimikize ndi maso okha kuti penti ina ndi ya radium kapena ayi, ndipo limenelo ndi gawo la vuto lathu. Mwini malowo, bambo aulemu wawo, anandifunsa funso limene landichititsa kulemba kalatayi. Anati, "Aphunzitsi, tamva ndithu, koma tikachipereke kwa yani, nanga tikapita nacho kupolisi sakatitsekera kuti tikusunga zida?" Akuluakulu amati safunsa anadya phula, koma bambowa anali okonzeka kufunsa, ndipo chimene chinasowa ndi khomo loti akagogodepo.

Chizindikiro chachikulu chimene aliyense ayenera kuchidziwa chili ndi kadontho pakati ndi mapiko atatu ozungulira kadonthoko ngati mapiko a fani, kawirikawiri akuda kapena ofiirira pa malo achikasu. Chinapangidwa mu 1946 ku Berkeley, ku America, ndi asayansi amene ankachenjezana okhaokha, ndipo palibe chilichonse m'maonekedwe ake chimene chimauza munthu wosaphunzitsidwa kuti pali imfa. Zimenezi zinaoneka ku Samut Prakan, m'dziko la Thailand, mu 2000, pamene otolera zitsulo anang'amba chipangizo cha kuchipatala chokhala ndi cobalt. Chizindikiro chinalipo koma sanachidziwe, mawu ochenjeza sanali m'chinenero chawo, ndipo anthu atatu anamwalira. Chifukwa cha ngozi zotere, mu 2007 bungwe la mayiko onse loona za mphamvu ya atomu la IAEA pamodzi ndi bungwe loona za miyezo la ISO anatulutsa chizindikiro chachiwiri, chofiira cha makona atatu, chosonyeza mapiko atatu aja, chigaza cha munthu ndi munthu akuthawa. Ndi chizindikiro chabwino, koma sichingatithandize kwenikweni pa zida za nkhondo zathu, chifukwa zonsezo zinapangidwa chisanabwere, komanso chimaikidwa mkati mwa chipangizo kuti achione munthu amene wayamba kale kuchimasula. Ndipo ziyenera kunenedwa mosabisa kuti zipangizo zambiri za penti ya radium zilibe chizindikiro chilichonse.

Pamene pali chikwangwani cholembedwa, kawirikawiri chimanena zinthu zitatu, ndipo wapolisi, mphunzitsi, namwino kapena mlembi wa mudzi angathe kuphunzira kuziwerenga tsiku limodzi. Choyamba ndi dzina la mankhwalawo, lolembedwa mwachidule ndi nambala: Ra-226 ndi radium, H-3 ndi tritium, Sr-90 ndi strontium, Cs-137 ndi caesium, Co-60 ndi cobalt. Dzinali ndilo lofunika kwambiri, chifukwa mankhwalawa sali ofanana. Cheza cha tritium ndi chofooka moti sichipyola galasi la kachubu kake ngakhale khungu la munthu, ndipo kachubu kakasweka chofunika ndi kutsegula mazenera ndi kutuluka panja. Cheza cha strontium chimatentha khungu ndi maso a munthu amene wayandikira pamene chotchinga chachotsedwa. Cheza cha caesium ndi cobalt chimapyola thupi, matabwa ndi malata, ndipo chimachepetsedwa ndi mtovu kapena khoma lochindikala la simenti. Choncho nambala yaikulu pa chipangizo cha tritium ingakhale yoopsa pang'ono kusiyana ndi nambala yaing'ono pa chipangizo cha caesium.

Chachiwiri ndi kuchuluka kwa mphamvu, ndipo apa ndi pamene ngakhale ophunzira amasokonezeka. Zida zatsopano zimalemba mu becquerel, mwachidule Bq, ndipo kBq ndi 1,000, MBq ndi miliyoni imodzi, GBq ndi biliyoni imodzi. Zida zakale zimalemba mu curie, mwachidule Ci, ndipo curie imodzi ndi ma becquerel 37 biliyoni. Motero nambala 5 yotsatiridwa ndi Ci ndi chinthu chachikulu kwambiri, pamene 5,000 yotsatiridwa ndi Bq ndi kanthu kakang'ono, ndipo munthu wongoyang'ana kukula kwa nambala adzaopa chosaopsa n'kunyamula choopsa. Pa zida za ku Soviet Union vutoli limakula chifukwa cha zilembo. Curie imalembedwa Ки, gawo limodzi mwa magawo 1,000 a curie limalembedwa мКи, ndipo gawo limodzi mwa magawo miliyoni limalembedwa мкКи. Kachilembo kamodzi kakang'ono, kamene dzimbiri lingathe kukafufuta, kamasiyanitsa mphamvu maulendo 1,000. Komanso chilembo cha Chirasha chooneka ngati P chimawerengedwa R, moti mawu ochenjeza za cheza amaoneka ngati akuyamba ndi PA, ndipo munthu wodziwa Chipwitikizi amene akufunafuna mawu oyamba ndi RA adzawadutsa osawazindikira.

Chachitatu ndi chaka, chifukwa nambala yolembedwayo ndi mphamvu ya tsiku limene chinthucho chinayezedwa. Tritium imachepa ndi theka pa zaka 12 ndi miyezi ingapo, choncho choonera cha mfuti cha 1985 chinali chitatsala ndi gawo limodzi mwa magawo 8 pofika mu 2022. Cobalt imachepa ndi theka pa zaka zisanu ndi miyezi itatu. Koma strontium ndi caesium zimafuna zaka pafupifupi 30, ndiye kuti za nthawi ya nkhondo ya zaka 16 zikadali ndi mphamvu pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kuposerapo, ndipo za radium ndanena kale. Mawu akuti "ndi zakale izi, zinatha mphamvu" ndi oona pa zina ndi abodza pa zina, ndipo chikwangwani ndicho chimasiyanitsa.

Palinso zikwangwani za pa mabokosi onyamulira, zooneka ngati bokosi loimikidwa pa kona, zokhala ndi nambala 7 m'munsi. Choyera cha mzere umodzi wofiira chimasonyeza kuti kunja kwa bokosi cheza sichiposa 0.005 millisievert (muyezo wa cheza chimene thupi lalandira) pa ola, chachikasu cha mizere iwiri sichiposa 0.5, ndipo chachikasu cha mizere itatu chingafike pa 2, pamene malire a munthu wamba pa chaka chonse ndi 1 millisievert kuwonjezera pa cheza chachilengedwe. Ogwira ntchito m'zipata za m'malire za Zóbuè, Calomue, Cassacatiza ndi Cuchamano ayenera kuzidziwa zimenezi pamtima.

Sindikufuna kuti kalatayi ibweretse mantha osayenera. Zambiri mwa zinthu zimene anthu athu angatole ndi zamphamvu yochepa, ndipo munthu amene anagwirapo kampasi yakale yosasweka asagone ndi nkhawa. Ngozi imabwera pamene chinthu chaswedwa ndi nyundo, chadulidwa, chatenthedwa pamoto, chasungidwa m'thumba la malaya kapena pansi pa mphasa, kapena chasanduka choseweretsa cha mwana. Koma zamphamvu nazo zimatsala m'mbuyo asilikali akasamuka. Ku Lilo, m'dziko la Georgia, mu 1997 asilikali 11 olondera malire anapsa ndi caesium imene inasiyidwa pa msasa wakale wa asilikali a Soviet Union, ndipo kachidutswa kena kanapezeka m'thumba la jekete. M'dziko lomwelo, mu Disembala 2001, amuna atatu otola nkhuni anapeza zitsulo ziwiri zofunda zokha m'nkhalango, anagona pafupi nazo kuti aothe, ndipo onse anadwala, mmodzi n'kudzamwalira. Aliyense amene amadziwa chisanu cha mwezi wa Juni ku Angónia ndi ku Macanga akhoza kumvetsa chimene mbusa wa ng'ombe angachite atapeza chitsulo chofunda popanda moto. Ku Goiânia, m'dziko la Brazil, mu 1987, ufa wa caesium wowala mtundu wa buluu kuchokera m'chipangizo cha kuchipatala unagawidwa kwa achibale ngati chinthu chokongola, anthu anayi anamwalira, kuphatikizapo mtsikana wa zaka 6, anthu 249 anapezeka ndi ufawo ndipo pafupifupi 112,000 anayezedwa.

Ku Goiânia odwala oyamba ankaoneka ngati adya chakudya choipa, ndipo panapita masabata awiri chisanadziwike choyambitsa. Kwathu kuno munthu wosanza, wotsegula m'mimba ndi wofooka amayezedwa malungo, ndipo zimenezo n'zomveka. Koma ngati pakapita masiku kapena masabata atuluka matuza ndi zilonda zooneka ngati wapsa pamene sanayandikire moto, makamaka m'manja, pantchafu kapena pachifuwa pamene pali thumba, kapena tsitsi layamba kuthothoka, ndipo anthu angapo a nyumba imodzi adwala mofanana, namwino ayenera kufunsa ngati pakhomopo pabwera chitsulo chachilendo. Funso limeneli likapanda kufunsidwa kuchipatala, mudzi udzapeza yankho lake wokha, ndipo tonse tikudziwa kuti yankholo lidzakhala ufiti, agogo ena osalakwa adzalozedwa chala pamene chitsulocho chikadali m'nyumba kupitiriza kuwononga.

Dziko lathu lili ndi bungwe la ANEA ndiponso lamulo la mphamvu ya atomu la mu 2017, ndipo ndi membala wa IAEA, imene imathandiza mayiko ndi maphunziro ndi makina. Chimene ndikupempha ndi chakuti nzeru zimenezi zichoke ku Maputo zifike pa sikelo ya wogula sucata. Pakonzedwe pepala limodzi la zithunzi zenizeni, losonyeza chizindikiro cha mapiko atatu, kampasi, mawotchi a ndege ndi a akasinja, mawu ochenjeza m'zilembo za Chirasha, Chitchaina, Chijeremani ndi Chingerezi, ndi malangizo m'Chinyanja, Chinyungwe, Chisena ndi Chipwitikizi. Malangizowo akhale achidule: usachigwire, usachiswe, usachitenthe, usachiponye m'chitsime, mumtsinje kapena m'chimbudzi, taliikira, letsa ana ndi ziweto, ndipo kauze amfumu. Kutaliikira n'kothandiza kwambiri kuposa mmene ambiri amaganizira, chifukwa mtunda ukawirikiza kawiri cheza chimatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi. Pepalali lipachikidwe pa malo onse ogulira zitsulo, kwa amisiri osula makasu ndi okhoma zidebe, m'masukulu ndi m'zipatala, ndipo liwerengedwe pa Rádio Moçambique ndi pa mawailesi a m'madera monga mmene uthenga wa kolera umawerengedwera.

Koma pepala lopanda wolandira uthenga ndi lopanda ntchito. Pakhale nambala ya foni imodzi yodziwika, ndipo pa likulu la boma lililonse pakhale makina oyezera cheza ndi anthu awiri kapena atatu odziwa kuwagwiritsa ntchito, kuti amfumu akanena, munthu abwere m'masiku ochepa. Makina ogwira m'manja otere si okwera mtengo poyerekeza ndi galimoto imodzi ya boma. Akuluakulu a asilikali nawonso ndikuwapempha mwaulemu kuti ayendere nkhokwe zawo zakale, misasa yosiyidwa ndi mabwinja a ndege ndi akasinja, awerenge zipangizo zokhala ndi mankhwalawa ndipo azichotse chitsulo chisanagulitsidwe kwa anthu wamba, pakuti chitsulo chikalowa m'ng'anjo yosungunulira pamodzi ndi caesium kapena cobalt, poizoniyo amafalikira mu utsi, m'phulusa kapena m'zitsulo zomangira nyumba.

Chachikulu pa zonse ndi mantha a bambo aja. Munthu amene akuopa kumangidwa sadzanena, adzakwirira chinthucho kudimba kapena kuchigulitsa kwa wina wosadziwa. Tili ndi chitsanzo chathuchathu mu ntchito yosandutsa zida kukhala makasu imene Bungwe la Mipingo ya Chikhristu m'Mozambique linayamba mu 1995 motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, pamene anthu ankapereka mfuti popanda kufunsidwa mafunso n'kulandira makasu, njinga, makina osokera ndi malata. Ndikupempha kuti mulengeze poyera, kudzera mwa mafumu ndi anyakwawa, kuti aliyense wonena za chipangizo chokhala ndi chizindikirochi sadzaimbidwa mlandu, ndipo ngati n'kotheka alandire kangachepe kolowa m'malo mwa ndalama imene akanapeza pa sikelo, popeza amene amatolera zitsulo amatero chifukwa cha njala.

Ife aphunzitsi opuma tilipo ambiri m'maboma onse a chigawo chino, ndipo ndife okonzeka kuthandiza kumasulira malangizowa ndi kuwafotokoza m'mabwalo a mafumu popanda malipiro, malinga akatswiri a ANEA atatipatsa mawu olondola ndi zithunzi. Ndikupempha kuti yankho lanu liperekedwe pa wailesi m'zinenero za chigawo chino, ndipo litchule ofesi ndi nambala ya foni kumene mwini malo ogulira zitsulo uja angakapereke chitini chimene akusungabe.

Ine wanu mwaulemu,

Mphunzitsi wa sayansi wopuma pantchito,
Ulongwe, Angónia